Robert Rattray, Mlembi wa Nthano za Kalulu ndi Kangaude

Palibe mwana m'dziko lathu lino amene sadziwa Kalulu. Tonse tinamva kwa agogo athu m'mene kanyama kameneka kanapusitsira Fisi, m'mene kananyengera Mkango, ndi m'mene kanakanira kukumba citsime koma madzi nkumamwa ndithu. Koma kodi mudziwa kuti mitundu ina ya anthu, kutali ndi kuno, iri naye Kalulu waowao? Kwina tambwali ameneyu ndi kangaude, kwina ndi nkhandwe, kwina ndi khwangwala. Ife tidziwa zimenezi cifukwa kunali anthu amene anakhala pansi kumvetsera nthano za eni dziko, nazilemba m'mabuku. Mmodzi wa anthu otere ndiye Robert Sutherland Rattray, amene anayamba nchito yace ndi nthano za Cinyanja, naitsiriza ndi nthano za ku West Africa.

Ubwana wace

Rattray anabadwa pa 5 September 1881 ku India, kumene atate wace anali pa nchito ya Boma. Makolo ace anali a ku Scotland, ndipo mwanayo atasinkhuka anapita kwao kukaphunzira pa sukulu ya m'mzinda wa Stirling. Sanali mnyamata wokonda kukhala malo amodzi ai. Pamene Angelezi ndi Mabunu analikumenyana ku South Africa, pa nkhondo imene inayamba mu 1899, iye analowa usilikari akali wamng'ono ndithu, naoloka nyanja. Umo ndimo anapondera nthaka ya Africa nthawi yoyamba.

Nkhondo itatha mu 1902, Rattray sanafune kukakhala kwao. Analembedwa nchito ndi kampani ya malonda ya African Lakes Corporation, imene makolo athu anaicha Mandala. Kampani imeneyi inali ndi masitolo ambiri, ndiponso sitima zoyenda pa mtsinje wa Shire ndi pa nyanja. Rattray anakhala m'cigawo cimene Azungu anacicha Central Angoniland, pakati pa dziko limene lero ndi Malawi, kumene kukhala Acewa ndi Angoni.

Buku la Cinyanja

Azungu ambiri a masiku amenewo anali kukhutira ndi mau owerengeka okha a Cinyanja, oitanira wanchito kapena ofunsira mtengo wa cinthu. Rattray sanatero. Iye anaphunzira cinenero cathu kufikira anatha kumva nkhani za akulu ndi nyimbo za amai. Ataphunzira, anayamba kulemba zimene anthu anamuuza, osati m'Cingelezi, koma m'mau omwewo amene anaturuka pakamwa pao.

Mu 1907 zolemba zacezo zinasindikizidwa ku London m'buku lochedwa Some Folk-Lore Stories and Songs in Chinyanja, ndipo mau oyamba a bukulo analemba ndi Mbusa Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre. M'menemo muli nthano za nyama ndi za anthu, muli nyimbo, mulinso mafotokozedwe a miyambo ya makolo monga mwabvi, maliro ndi cinamwali. Cinyanja ciri pacokha, Cingelezi cacenso pacokha, kuti munthu wosadziwa cinenero cathu amve naye. Pamenepo Rattray anali ndi zaka 26 zokha.

Tsono taganizani. Anthu amene anamsimbira nthanozo anamwalira kalekale, ndipo midzi yao ina inasanduka mabwinja. Koma mau ao alipobe, ndipo munthu wotsegula bukulo lero angamve m'mene Cinyanja cinali kulankhulidwira zaka zoposa 100 zapitazo. Ici ndico cinthu cimene Rattray anaphunzira pakati pa Acewa, nacisunga moyo wace wonse: kuti nthano ilembedwe m'cinenero ca mwini wace, monga momwe iye waisimbira.

Ku Gold Coast

Atacoka kwa Mandala, Rattray anapita ku West Africa, ku dziko limene linali kuchedwa Gold Coast, ndipo ciyambire 1957 lichedwa Ghana. Poyamba anali pa nchito ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko, koma mu 1911 anakhala waciwiri kwa bwanamkubwa wa boma la Ejura, m'dziko la Ashanti. Kumeneko anacita monga anacitira kuno. Anaphunzira Twi, cinenero ca anthu a Ashanti, naphunziranso Hausa, cinenero ca amalonda ocokera kumpoto.

Pakati pa Ahausa anapeza mphunzitsi wina wanzeru, dzina lace Malam Shaihu, wodziwa kulemba cinenero cao m'malemba a Ciarabu. Rattray anampempha kuti alembe ndi dzanja lace nthano ndi miyambo ya mtundu wace. Malam Shaihu analemba masamba ambirimbiri, ndipo Rattray anawatembenuzira m'Cingelezi. Nchito ya anthu awiriwa inasindikizidwa ku Oxford mu 1913 m'mabuku awiri ochedwa Hausa Folk-Lore. M'nthano za Ahausa wocenjera sali kalulu ai, koma kangaude, ndipo dzina lace ndi Gizo.

Pa nthawi za chuti Rattray anali kupita ku sukulu yaikuru ya Oxford kukaphunzira za miyambo ya mitundu ya anthu, ndipo mphunzitsi wace anali R. R. Marett. Nkhondo yaikuru itabuka mu 1914, iye anatsagana ndi asilikari amene analowa m'dziko la Togoland, limene linali m'manja mwa Ajeremani, ndipo ciyambire masiku amenewo anthu anamdziwa ndi dzina la Captain Rattray. Mu 1916 anaturutsa buku la miyambi ya Ashanti, ndipo mu 1918 anatsiriza maphunziro a malamulo.

Mpando wa Golidi

Mu 1921 Boma linampatsa nchito yatsopano, yakuti azifufuza miyambo ya anthu a Ashanti ndi kuifotokoza. M'caka comweco kunagwa mlandu umene unaonetsa phindu la nchito yotere.

Anthu a Ashanti ali ndi Mpando wa Golidi. Mbiri yao imati mpandowo unatsika kumwamba masiku a mfumu Osei Tutu, atauitana wansembe wamkuru Okomfo Anokye, ndipo mzimu wa mtundu wonse ukhala m'menemo. Palibe munthu aukhalira, ngakhale mfumu yomwe. Mu 1900 kazembe wa Angelezi, Sir Frederick Hodgson, posadziwa zimenezi, analamula mafumu pa Kumasi kuti abwere nao mpandowo iye akhalepo. Mau amenewa anautsa nkhondo yoopsa, imene anaitsogolera mai wolimba mtima Yaa Asantewaa, ndipo anthu ambiri anafa. Mpandowo unabisidwa, Angelezi osauona.

Patapita zaka 20, anthu olambula mseu anafika pa malo amene unabisidwa, ndipo amuna ena osaopa anacotsako zokometsera zace za golidi nazigulitsa. Mbiri itamveka mu 1921, dziko lonse linalira ngati pa maliro, ndipo nkhondo ina inali pafupi. Rattray anafotokozera akulu a Boma tanthauzo la mpandowo, nawacenjeza kuti asaukhudze. Boma linamvera. Linalengeza kuti silifunanso mpandowo, ndipo linalola mafumu kuweruza akubawo. Mafumu anagamula kuti aphedwe, koma Boma linasintha cilangoco, niliwapitikitsa m'dziko. Cotero mwazi sunakhetsedwe. Cimene cinautsa nkhondo mu 1900 ndico kusadziwa, ndipo cimene cinailetsa mu 1921 ndico kufunsa ndi kumvetsa.

Pambuyo pace Rattray analemba mabuku atatu akuru onena za Ashanti, mu 1923, mu 1927 ndi mu 1929. M'menemo anafotokoza m'mene ng'oma zao zimalankhulira potsata kukwera ndi kutsika kwa mau a cinenero cao, ndiponso ulemu waukuru umene amai a ku banja lacifumu ali nao posankha mfumu. Pakuti anthu a Ashanti, monga Acewa, amawerenga mtundu wao kutsata kwa mai.

Nthano za usiku

Zitatha izi Rattray anabwerera ku nchito imene anaiyamba ali kwa Mandala, ndiyo ya nthano. Sanafune kuzilandira kwa makalaliki odziwa Cingelezi, poopa kuti iwo angazikonze kuti zikomere Mzungu. M'malo mwace anali kupita ku midzi yakutali, nakhala pabwalo usiku pamodzi ndi eni mudzi, pakuti kumeneko, monganso kuno, nthano sasimba usana. Anali kumvetsera ndi kuona nthano imene yakondweretsa anthu koposa. Kutaca anali kuitana mwini nthanoyo kuti aibwereze pang'onopang'ono, iye nalemba liu ndi liu m'cinenero ca Twi.

Mu 1930 nthano 75 zinasindikizidwa m'buku lochedwa Akan-Ashanti Folk-Tales. Tsamba lina liri ndi Twi, tsamba lopenyana nalo liri ndi Cingelezi, ndipo zithunzi zace anajambula ndi anthu a dziko lomwelo. Mwini bwalo m'nthano zambiri za m'bukumo ndiye Kwaku Ananse, Kangaude. Iye ndi wamng'ono, waumbombo ndi wabodza, koma nzeru zace ziposa za nyama zonse. Mkazi wace ndi Aso. Imodzi ya nthanozo, imene inachuka pa dziko lonse lapansi, isimba za m'mene Ananse anakhalira mwini nthano.

Kalekale, imatero nthanoyo, nthano zonse zinali za Nyame, Mulungu wa kumwamba. Ananse anapita kukapempha kuti azigule. Nyame anamuuza kuti midzi yaikuru inalephera mtengo wace, pakuti mtengowo unali nsato, mabvu, nyalugwe ndi kamzimu ka m'nkhalango. Ananse anabvomera, nalonjeza kuonjezapo amace omubala.

Atapangana ndi Aso, anatenga nthambi ya mgwalangwa ndi luzi, napita kumtsinje alikudzitsutsa yekha mokweza ngati nsato ingatalike kuposa nthambiyo. Nsato itamva inafuna kuonetsa utali wace, nigona pambali pa nthambi. Pomwepo Ananse anaimanga kuyambira kumcira kufikira kumutu. Kwa mabvu anapita ndi cipanda ca madzi. Anawaza cisa cao, nadzithira yekha, nafunda tsamba la nthoci, nawauza kuti mvula yabwera, alowe m'cipanda kuti angabvumbwe. Atalowa onse, iye anatseka pakamwa pa cipanda. Nyalugwe anamkumbira mbuna pa njira ya kumadzi, ndipo m'mawa anadza ngati womthandiza kuturuka, namgwira.

Kunatsala kamzimu. Ananse anasema cidole ca mtengo, nacimata ulimbo thupi lonse, naika zilazi zosinja m'dzanja lace, nacikhazika patsinde pa mtengo pamene timizimu timasewera. Kamzimu kena kanadya zilazizo, nikathokoza, koma cidole cinangoti cete. Kamzimuko kanapsa mtima, nikacimenya mbama, dzanja nkukanirira. Kanamenya ndi dzanja lina, nalonso nkukanirira. Tsono Ananse anasenza zonsezi pamodzi ndi amace, napita nazo kumwamba. Nyame anasonkhanitsa akulu ace, nalengeza kuti kuyambira tsikulo nthano zonse zidzachedwa nthano za Kangaude. Mpaka lero anthu a kumeneko amacha nthano zao Anansesem.

Kodi simunakumbuke kanthu pomva za cidole ca ulimbo? Ndimo anagwidwira Kalulu wathu pa citsime cija, atamenya Fulu wodzola ulimbo pamsana. Kusiyana kwace nkwakuti kumeneko wocenjera ndiye wochera msampha, pamene kuno wocenjera ndiye wakodwa.

Cifukwa cace ca nthano zotere

Rattray anadabwa kuona anthu aulemu, oopa mafumu ndi mizimu, alikuseka nthano zonyoza akulu. Atafunsa, anampatsa yankho lomveka. Munthu wamba sakanatha kudzudzula mfumu maso ndi maso. Koma usiku pabwalo, mfumu yankhanza akaicha Nyalugwe, ndi mkulu waumbombo akamucha dzina la nyama ina, aliyense anali kudziwa amene alikunenedwa, koma panalibe mlandu. Ndiponso wosimba anali kuyamba ndi kucenjeza omvera kuti zimene ati anene si zoona. Rattray anaonanso mwambo wa Apo m'mudzi wa Techiman, pamene kwa masiku owerengeka anthu anali ndi ufulu wa kuimba nyimbo zodzudzula mafumu ao, kuti mkwiyo usaunjikane m'mitima.

Apa tiona kuti nthano za wocenjera si zoseketsa ana cabe. Ziphunzitsa kuti wamng'ono angapulumuke kwa wamkuru ngati agwiritsa nchito mutu wace. Ziphunzitsanso kuti kucenjera kopanda cifundo kumabweza mwini wace, pakuti Ananse ndi Kalulu yemwe kawirikawiri amatsiriza ndi manyazi, wina kuthawira kudenga, wina kuchire.

Abale a Kalulu m'maiko ena

Nthano zimayenda ndi anthu. Masiku a ukapolo anthu ambiri a ku Gold Coast anatengedwa m'zombo kunka ku zisumbu za West Indies. Sanatenge katundu, koma Ananse anaoloka nao m'mitima. Ku Jamaica amamucha Anancy, ndipo Walter Jekyll anasindikiza nthano zace mu 1907, caka comwe cija ca buku la Cinyanja. Ku America akapolo anali kusimba za kalulu wochedwa Brer Rabbit, amenenso anakanirira pa cidole ca phula, ndipo Joel Chandler Harris analemba nthano zimenezi m'buku la mu 1880. Kwa anthu okhala pansi pa mkwapulo, nthano ya kanyama kogonjetsa zirombo inali yotonthoza mtima.

Mitundu inanso, yosakhudzana ndi Africa, iri ndi atambwali ao. Eni dziko a ku North America amasimba za Coyote, nyama yonga nkhandwe, ndi za Khwangwala amene anaba kuwala napatsa anthu. Ku Malaysia ndi ku Indonesia kuli Kancil, kanyama konga gwape wamng'ono, kamene kanauza ng'ona kuti zindande pamtsinje kuti kaziwerenge, nikaoloka polumpha pamisana pao. Anthu a pa zisumbu za nyanja ya Pacific ali ndi Maui, amene anakola dzuwa ndi zingwe kuti liziyenda pang'ono. Ku France ndi maiko oyandikana nalo kunali nkhandwe Reynard, ndipo ku Scandinavia kunali Loki, wobvutitsa milungu inzace.

M'dziko lathu la Zambia namonso munali olemba nthano. Edwin Smith ndi Andrew Dale anaika nthano za Sulwe, kalulu wa Aila, m'buku lao la mu 1920. Bambo Julius Torrend anasindikiza nthano za kuno mu 1921, ndipo Clement Doke anasindikiza za Alamba mu 1927. Mabuku otere amasungidwa m'nyumba zazikuru za mabuku, ndipo ena akale anaikidwa pa intaneti. Wofuna kuwapeza ayambe ndi dzina la tambwaliyo, kapena la mtundu wa anthu, kapena la mlembi, ndipo buku limodzi lidzamlozera ku linzace.

Masiku ace otsiriza

Rattray anali munthu wosaopa. Atakula anaphunzira kuyendetsa ndege, ndipo mu 1929 anafika ku Gold Coast ali yekha m'kandege kakang'ono kucokera ku England, ulendo woopsa ndithu masiku amenewo. Nchito yace yotsiriza inali kufufuza mitundu ya kumpoto kwa Ashanti, ndipo mabuku ace awiri onena za iyo anaturuka mu 1932, iye atapuma kale pa nchito ya Boma. Anakakhala ku Oxford, kumene anakonda kuuluka m'ndege yopanda injini, yoyenda ndi mphepo yokha. Pa 14 May 1938 ndege yotere inagwa naye pafupi ndi Oxford, ndipo anafa ali ndi zaka 56.

Poganiza za moyo wace tiyenera kunena zoona mbali zonse. Rattray anali wanchito wa Boma lacitsamunda, ndipo Bomalo linafuna kudziwa miyambo ya anthu kuti liwalamulire mosabvuta. Ndiponso nthano za m'mabuku ace sizinali zace. Eni ace anali nkhalamba, amai ndi anyamata a m'midzi, amene ambiri a iwo maina ao sitiwaona pa cikuto ca buku. Komabe akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo ameneyu anaona mtengo wa cinthu cimene Azungu anzace anaciyesa cacabe, napirira kuphunzira zinenero, nasunga mau a anthu monga anawalankhulira. Cifukwa ca ici ana a ku Ghana ndi a kuno angawerenge lero zimene makolo ao anasimba pamoto.

Nthano zambiri za kwathu sizinalembedwebe. Nkhalamba ikamwalira, nthano zimene inali nazo yokha zimapita nayo kumanda. Rattray anayamba wacedwa, pakuti anayenera kuphunzira Cinyanja ali wamkuru. Inu munaciyamwa kwa amai anu, ndipo kulemba mwaphunzira.

Mafunso ndi zocita

1. Kodi Rattray anagwira nchito yanji asanapite ku Gold Coast, ndipo anaturutsa buku lotani mu 1907?
2. Cinautsa nkhondo ya mu 1900 nciani? Nanga nkhondo inalephereka bwanji mu 1921?
3. Fotokozani m'mene Rattray anali kusonkhanitsira nthano za Ananse. Cifukwa ninji sanazilandire kwa makalaliki?
4. Chulani zinthu zinai zimene Nyame anafuna, ndi m'mene Ananse anagwirira ciriconse.
5. Pezani pa mapu maiko awa: Ghana, Jamaica, Malaysia, Scotland.
6. Pemphani munthu wamkulu wa kwanu akusimbireni nthano ya Kalulu. Ilembeni m'mau ace enieni, osasintha kanthu, ndipo pamwamba lembani dzina lace, mudzi wace ndi tsiku limene anaisimba.